Za mtima mwangozidutsa mothamanga

Zikomo polemba za matenda a Ellis-van Creveld, obadwa nawo amene amasokoneza kakulidwe ka mafupa, koma nkhani ya mtima mwangoidutsa mothamanga. Mwana wa mchemwali wanga anabadwa ali ndi mano awiri kale, zala 6 dzanja lililonse, ndi tizikhadabo tosakula bwino. Kumudzi ena anayamba kunong'ona za ufiti, mpaka mayi ake ankamubisa manja m'chitenje akamapita kusikelo. Zinkandiwawa kwambiri. Adokotala ndiwo anatimasulira kuti mwana amatengera matendawa kwa makolo onse awiri, ngakhale iwowo ali bwinobwino, ndipo pa mimba iliyonse mpata wake ndi 1 pa 4. Pafupifupi theka la ana otere amabadwanso ndi vuto la mtima. Wathuyu anamupeza nalo ali ndi miyezi 4, atayamba kubanika ndi kutuluka thukuta poyamwa. Chonde onjezerani kuti makolo azipempha kuti mwana apimidwe mtima msanga.