Chenjezo kwa inu ounjika magemu a pa selo osawasewera

Ana inu, tamverani. Selo (kutsitsa mitengo) ya Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, ikangofika, kaya ndi ya kumapeto kwa Juni kaya ya kumapeto kwa Disembala, ena mwa inu mumasiyiratu kuganiza. Mukangoona kabokosi kobiriwira kolembedwa -75% kapena -90%, chala chadina kale. Sabata ziwiri zikamatha muli ndi magemu khumi atsopano, chonsecho omwe munagula pa selo yapitayo simunawatsegule n'komwe. Khalidwe limeneli ndi loipa ndipo mulisiye. Sikuti timadana ndi magemu ayi, timawadziwa bwino ndipo timawakonda. Chikutiwawa mtima n'chakuti mukutaya ndalama zopeza movutikira kwinaku mukudzitama kuti mwagula motchipa.

Vutoli si lanu nokha. Mu 2014 a Ars Technica, tsamba la nkhani za tekinoloje, anafufuza maakaunti a Steam ndipo anapeza kuti pafupifupi 37 pa magemu 100 aliwonse omwe anali m'maakauntiwo anali asanatsegulidwepo ngakhale kamodzi. Gemu imodzi mwa zitatu, kapena kuposerapo, inangokhala phee. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mwagula magemu khumi, iliyonse pa madola 5, m'malo mwa madola 20. Steam ikuonetsani kuti mwapulumutsa madola 150. Koma m'thumba mwanu mwatuluka madola 50, ndipo ngati mwa khumiwo mwasewera imodzi yokha, gemu imodziyo yakudyerani madola 50. Mukanaigula pa mtengo wake wonse, popanda selo, mukanalipira madola 20 basi. Ndalama yomwe simunali nayo cholinga choti muigwiritse ntchito siipulumutsidwa ndi kutsika kwa mtengo. Yapita.

Chomwe chimakusowani kwenikweni si magemu, ndi nthawi. Munthu wapantchito kapena wapasukulu yemwe amapeza maola 5 osewera pa sabata amakhala ndi maola 260 pachaka. The Witcher 3 imatenga maola pafupifupi 50 mukangotsata nkhani yake yaikulu, ndipo imapitirira maola 100 mukamachita ndi ntchito zina zapambali. Ndiye kuti munthu wotereyu amatha magemu aakulu awiri kapena atatu pachaka. Nanga makumi atatu omwe mwagula chaka chino mudzawasewera liti? Pali tsamba lotchedwa HowLongToBeat lomwe limasonyeza maola omwe anthu amatenga kuti amalize gemu iliyonse. Lembani magemu onse omwe muli nawo osaseweredwa, phatikizani maola ake, kenako mugawe ndi maola omwe mumapeza pa sabata. Ambiri mudzapeza kuti munagula kale zokwanira zaka zingapo.

Inu muli ku Malawi, nkhaniyi ndi yolemera kwambiri kuposa kwa mnyamata wa ku London yemwe mumamuonera pa YouTube akutsegula ngolo yodzaza magemu. Inu mumalipira mu madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44%, ndipo mu 2024 dola imodzi inali pafupifupi K1,750 pa mtengo wa kubanki. Pa mtengo umenewo, madola 50 aja ndi K87,500, musanaonjezepo zomwe banki imadula pa malipiro akunja. Ngati khadi lanu likukana chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, n'kupita kwa anyamata ogulitsa ma gift card pa mtengo wa mumsewu, ndalamayo imakwera kwambiri. Ndiponso mabanki amaika malire pa madola omwe khadi lingatulutse. Mukathera malirewo pa magemu, tsiku lofuna kulipira mayeso akunja, fomu ya sukulu kapena pulogalamu yogwirira ntchito mudzagwira njakata.

Mtengo wolembedwa pa selo si mtengo wonse. Red Dead Redemption 2 imafuna malo okwana 150 GB pa kompyuta. Baldur's Gate 3 chimodzimodzi, 150 GB. Musanadine, funsani kuti bandulo ya 100 GB ndi ndalama zingati pa netiweki yanu, chifukwa nthawi zambiri data imadula kuposa gemuyo. Pa liwiro la 5 Mbps, dawunilodi ya 100 GB imatenga maola oposa 44 popanda kuduka, ndipo magetsi akamathimathima maola amenewo amasanduka masiku ambiri. Mukamaliza, gemu ija imafunanso ma update, ena a ma GB makumi angapo, ndipo magemu ena sakulolani kusewera pa intaneti musanawapange. Laputopu yambiri yomwe ili m'manja mwa ophunzira ili ndi SSD (chosungira mafayilo) ya 256 GB yomwe Windows yadya kale mbali yake. Gemu yaikulu imodzi ikalowa, yachiwiri ilibe pokhala.

Choipitsitsa n'kugula gemu yomwe kompyuta yanu singaithe. Cyberpunk 2077 imafuna osachepera graphics card (chipangizo choyendetsa zithunzi) ya GTX 1060 ya 6 GB, RAM (memore yogwirira ntchito) ya 12 GB ndi SSD. Ngati laputopu yanu ili ndi graphics yofooka ya Intel UHD yokha ndi RAM ya 4 GB kapena 8 GB, gemuyo idzangodukaduka, makina adzatentha, mwinanso idzakana kutseguka. Kuona zomwe muli nazo n'kosavuta: dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, kenako onani RAM pa tsamba loyamba ndi dzina la graphics card pa Display. Fananizani ndi zomwe zalembedwa pa System Requirements, m'munsi mwa tsamba la gemuyo pa Steam. Zomwe zalembedwa pa Minimum ndi zongoti gemu iyende movutikira, osati bwinobwino. Ena mumati, “Ndigulirethu, ndidzasewera ndikadzagula kompyuta yabwino.” Ayi, ana inu. Pofika nthawi imeneyo gemuyo idzakhala yakale ndipo mtengo wake udzakhala wotsika kuposa lero. Ndalama zomwe mukumwaza pa magemu osaseweredwa ndi zomwezo zikanakuthandizani kugula RAM yoonjezera kapena SSD yaikulu.

Apa ndi pomwe tikufuna mumvetsetse, chifukwa mantha akuti selo itha ndi omwe amakugwetsani. Selo ya Steam siichitika kamodzi. Zikuluzikulu zimabwera kanayi pachaka, ndipo pakati pake pamakhala zina za kumapeto kwa sabata, za makampani opanga magemu, ndi za mitundu ya magemu. Gemu yomwe yatsika ndi 75% lero idzatsikanso chimodzimodzi pakangopita miyezi yochepa, ndipo kawirikawiri zaka zikamapita imatsika kuposa pamenepo. Kale kunali mitengo yosintha pakatha maola ochepa, koma Valve, kampani yomwe ndi mwini wa Steam, inasiya zimenezo mu 2015, ndipo masiku ano mtengo wa tsiku loyamba la selo yaikulu ndi womwewo mpaka tsiku lomaliza. Palibe chothamangira usiku. Tsegulani tsamba la SteamDB kapena la IsThereAnyDeal, lembani dzina la gemu, muone mbiri ya mtengo wake. Mudzaona mzere ukutsika n'kukwera, kutsika n'kukwera, chaka ndi chaka.

Dziwaninso kuti sitoloyi inakonzedwa kuti muzigula. Gemu mukaiika pa Wishlist, mndandanda wa magemu omwe mukuwalakalaka, mumalandira imelo ikangotsika mtengo. Dola iliyonse yomwe mwalipira imakupatsani ma Steam Points 100 ogulira tizithunzi tokongoletsa akaunti. Khadi lanu likasungidwa mu akaunti, kugula kumangotenga kudina kawiri, moti simumva kuwawa kwa ndalama ikutuluka. Palinso magemu ogulitsidwa pamodzi ngati mtolo: mumafuna imodzi, koma poona kuti mtolo wa zisanu ndi ziwiri wangokwera pang'ono, mumatenga wonse. Zisanu ndi imodzi zija simunazifune dzulo ndipo simudzazifuna mawa. Chimodzimodzi ma Deluxe Edition ndi ma DLC (zoonjezera zogula padera) a gemu yomwe simunaiyambe. Kodi mwadziwa bwanji kuti muikonda mpaka kufuna zoonjezera?

Tsopano za kubwezeredwa ndalama, zomwe ambiri mumazitaya chifukwa cha ulesi. Kuyambira mu Juni 2015, Steam imabweza ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 chigulireni, komanso ngati mwasewera osakwana maola 2. Masiku 14 amenewa amayamba tsiku logula, osati tsiku lomwe mwatsegula gemuyo. Ndiye mukagula magemu khumi nthawi imodzi n'kuwasiya, mwayi wobweza umatha pa onse khumi musanayese ngakhale imodzi. Pakatha miyezi itatu mukadzapeza kuti ikukana pa makina anu, mwachedwa. Maola 2 aja amawerengedwa nthawi yonse yomwe gemu ili yotsegula, ngakhale mwangoisiya pa menu n'kupita kukadya nsima. Kupempha kwake n'kosavuta: pitani pa help.steampowered.com, sankhani Purchases, dinani gemuyo, kenako sankhani zoti mukufuna refund. Sankhani kuti ndalama zibwerere ku khadi ngati n'kotheka, chifukwa zikalowa mu Steam Wallet, kachikwama ka mu akaunti yanu, simungazitulutsenso, zimangodikira kuti mugule gemu ina. A PlayStation samalani kwambiri: kumeneko masiku ndi 14 omwewo, koma mukangoyamba dawunilodi mwayi wobweza watha, pokhapokha gemuyo ikhale yowonongeka.

Ena mumadzitonthoza kuti magemuwa ndi katundu, akukhalabe anu. Si choncho. Chomwe mumalipira ndi chilolezo chosewera, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 Steam imalemba zimenezi poyera pa tsamba lolipirira, boma la California litakhazikitsa lamulo lokakamiza masitolo a pa intaneti kunena zoona pa nkhaniyi. Gemu ya pa Steam simungaigulitse kwa mnzanu mukasowa ndalama ya lendi, monga mmene mungachitire ndi CD ya PlayStation. Malamulo a Steam salolanso kugulitsa kapena kupereka akaunti kwa munthu wina. Ndipo gemu yodalira seva (makompyuta a kampani oyendetsa gemuyo pa intaneti) imatha kufa ili m'manja mwanu. Gemu ya The Crew ya kampani ya Ubisoft, yomwe inatuluka mu 2014, inasiya kugwira ntchito seva zake zitatsekedwa kumapeto kwa Malichi 2024. Yemwe anaigula pa selo n'kuisunga kuti adzasewera m'tsogolo sanatsale ndi kanthu. Magemu osewera ndi anthu ena pa intaneti amafa mwa njira inanso: mukadzawatsegula patatha zaka zitatu, osewera anzanu anasamuka kalekale ndipo mumadikira mpikisano womwe subwera.

Za makiyi (makhodi otsegulira gemu pa Steam) otchipa ogulitsidwa m'masamba osadziwika bwino kapena m'magulu a WhatsApp, tingonena mwachidule. Steam siibweza ndalama pa gemu yomwe munagula kwina. Kiyi ina imakhala ya dera lina ndipo imakana kuno, ina inagulidwa ndi khadi lobedwa ndipo eni gemu akazindikira amaichotsa mu akaunti yanu. Wokugulitsaniyo simudzamupezanso.

Yambani ndi kuona chilonda chanu. Pa Steam pitani pa Help, Steam Support, My Account, Data Related to Your Steam Account, kenako External Funds Used. Pamenepo pali TotalSpend, ndalama zonse zomwe mwalowetsa chitsegulireni akaunti. Zisintheni mu makwacha ndipo muzilembe papepala. Mukatero pitani mu Library, pangani Dynamic Collection, musankhe Unplayed. Magemu omwe atuluke pamenepo ndiwo selo yanu ya chaka chino, munalipira kale.

Kenako chotsani khadi lomwe linasungidwa pa Account Details, kuti pogula paliponse muzilemba manambala onse ndi dzanja. Zimitsani maimelo a Wishlist pa Email Preferences. Ikani malire a ndalama selo isanayambe, osati ili mkati, ndipo malirewo aphatikizepo data. Gemu ikakukopani, isiyeni m'ngolo masiku awiri. Selo yaikulu ya Juni ndi ya Disembala imatenga pafupifupi sabata ziwiri, ndiye simutaya kanthu. Musagule gemu yomwe simuiyamba sabata yomweyo. Mukagula, ipangeni dawunilodi tsiku lomwelo, yesani ola limodzi ndi theka mukuyang'ana wotchi, ndipo ngati ikudukaduka kapena sikukusangalatsani, pemphani ndalama zanu nthawi yomweyo. Osagula yachiwiri musanamalize yoyamba kapena musanatsimikize kuti mwaisiyiratu.

Ngati chomwe mukufuna n'kulawa zatsopano, njira zaulere zilipo. Epic Games Store imapereka gemu yaulere Lachinayi lililonse, ndipo mu Meyi 2020 inapereka ngakhale GTA V. Pa Steam Next Fest, yomwe imachitika mu Febuluwale, Juni ndi Okutobala, pamakhala ma demo ambirimbiri oyesa popanda kulipira. Dota 2 ndi Counter-Strike 2 ndi zaulere, bola musayambe kugula zovala ndi mabokosi a m'kati mwake. Abale okhala nyumba imodzi atha kugwiritsa ntchito Steam Families, yomwe imalola anthu mpaka 6 kubwerekana magemu, m'malo moti mkulu ndi mng'ono wake agule gemu imodzimodzi kawiri.

Inunso makolo, amalume ndi azakhali omwe muli ku Joni kapena ku UK, omwe mumapatsa ana manambala a khadi lanu kuti “agule kagemu kamodzi”, musalole kuti khadilo lisungidwe mu akaunti ya mwanayo. Khalani naye pansi, atsegule Library muone maola omwe wasewera pa gemu iliyonse yomwe munamugulira kale. Ngati pali zomwe sanazigwirepo, ayambe wamaliza zimenezo asanapemphe ina.