Makampani athu amalankhula kwambiri pa Facebook, koma samvetsera

Masiku ano n'kovuta kupeza bizinesi yodziwika m'Malawi muno imene ilibe tsamba pa Facebook, ndipo nambala ya WhatsApp yalowa m'malo mwa lamya ya mu ofesi imene tinkaimbira kale. Mabanki, makampani a mabasi, malo ogona alendo a kunyanja, masitolo a zipangizo zomangira nyumba, ogulitsa mbewu ndi feteleza, ngakhalenso mayi amene amaphika makeke a ukwati kunyumba kwake ku Chilomoni kapena ku Area 25, onsewa akutsatsa malonda awo pamasamba a mchezo. Zimenezi n'zabwino ndipo ndimakondwera nazo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa iwo amalitenga tsambalo ngati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu wa M1, chimene ntchito yake ndi kungoonetsa uthenga kwa odutsa, pomwe kasitomala amabwerapo ngati wafika pakauntala ya sitolo, pamene amayembekeza kupeza munthu womulandira, womuuza mtengo ndi womumvera dandaulo lake. Zolakwika zambiri zimene ndimaona zimachokera pa kusiyana maganizo kumeneku.

Nkhani ya mtengo ndi imene imanditopetsa kuposa zonse. Wamalonda amaika chithunzi chokongola cha sofa, nsapato kapena solala, anthu makumi angapo n'kufunsa kuti ndi ndalama zingati, ndipo aliyense amayankhidwa mawu amodzimodzi akuti abwere ku inbox. Zifukwa zake ndimazimvetsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene amaoda katundu ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena ku China amadziwa kuti mtengo wa lero ukhoza kukhala wina sabata yamawa. Ena amaopa kuti mnzawo wopikisana naye aona mtengowo n'kutsitsa wake. Komabe wogula sawerenga zifukwa zimenezi mumtima mwanu. Iye amaganiza kuti mukufuna muyambe mwaona chithunzi chake, ntchito yake ndi dera limene amakhala kuti mumutchulire mtengo wogwirizana ndi maonekedwe ake, ndipo nthawi zina amakhala akulondola. Munthu amene ali ndi ndalama m'manja ndipo akufuna kugula lero lomwe sadikira mpaka madzulo kuti muwerenge uthenga wake. Amapita kwa amene walemba mtengo poyera. Amene amatsala mu inbox yanu kawirikawiri amakhala ongofunsa, amene amakutayitsani nthawi ndi bando. Njira yake ndi yapafupi: lembani mtengo pamodzi ndi tsiku limene mwaulemba, nenani kuti ukhoza kusintha katundu wina akafika, ndipo tchulani malo amene muli, nthawi yotsegulira ndi ndalama yotumizira katundu ku Mzuzu, ku Zomba kapena ku Karonga. Paja nalo bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission lakhala likukumbutsa amalonda kuti ogula ali ndi ufulu wodziwa mtengo asanagule komanso kuti kutsatsa kosocheretsa anthu n'koletsedwa.

Vuto lalikulu kuposa la mtengo ndi kusayankha. Makampani akuluakulu ndi amene amalakwa kwambiri pamenepa, chifukwa amakhala ndi ndalama zolipira anthu ojambula zithunzi zooneka bwino za tsiku ndi tsiku, koma pansi pa chithunzi chilichonse pamakhala madandaulo a anthu amene ndalama zawo zinasowa potumiza, amene katundu wawo sanafike, kapena amene akhala masiku angapo opanda thandizo limene analipira kale. Kampani imangodumpha zonsezo, m'mawa mwake n'kuikanso chithunzi china chofunira anthu Lolemba labwino. Ikati yayankha, imayankha ndi mawu amodzi okopera kwa aliyense, opepesa chifukwa cha vuto ndi kupempha munthuyo kuti atumize zambiri ku inbox, kumene amakapezanso kuli zii.

Sindiimba mlandu mnyamata kapena mtsikana amene amayendetsa tsambalo. M'makampani ambiri ntchitoyi imapatsidwa kwa wophunzira ntchito kapena kwa wachibale wa bwana chifukwa choti ndi wachinyamata ndipo amadziwa foni, koma sapatsidwa mphamvu iliyonse. Sangathe kuona akaunti ya kasitomala, sangalamule kuti munthu abwezeredwe ndalama, sadziwa kuti basi yachedwa chifukwa chiyani, ndipo akafunsa kwa akuluakulu amauzidwa kuti adikire. Munthu wotereyu waikidwa pamalo pamene anthu okwiya amafikira, koma wamangidwa manja. Kampani imene ikufuna kuti tsamba lake likhale laphindu iyenera kumulumikiza ndi anthu amene angathetse vuto, kumuuza nthawi imene dandaulo liyenera kukhala litayankhidwa, ndiponso kulemba poyera maola amene tsambalo limakhala ndi woyankha. Anthu athu ndi oleza mtima kwambiri ngati auzidwa zoona. Uthenga wonena kuti makina awonongeka, akukonzedwa, ndipo pofika 4 koloko madzulo mudzanenanso pamene zafika, umaziziritsa mitima kusiyana ndi kukhala chete, bola 4 kolokoyo ikakwana mubwerenso ndi mawu, ngakhale vutolo lisanathe.

Ena sakhala chete, koma amachita choipa kuposa pamenepo, chomwe ndi kufufuta ndemanga zodandaula ndi kubuloka amene wazilemba. Aliyense amene ali ndi foni amadziwa kujambula zimene zili pasikirini, choncho dandaulo limene mwafufuta limakatulukira m'magulu a WhatsApp a kumpingo, a kuntchito ndi a anthu akumudzi kwawo, tsopano litasanduka nkhani ziwiri: katundu woipa ndi kampani yobisa chilungamo. Kutukwana, kunyoza mtundu wa anthu ndi mauthenga a akathyali, izo fufutani ndithu, ndipo lembani pamwamba pa tsamba lanu kuti zotere simuzilola. Koma munthu amene wanena kuti mkate wanu unali woola mkati kapena kuti wogwira ntchito wanu anamuyankha mwamwano wakuthandizani, pakuti akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ambiri amene sanakhutire salemba kanthu, amangosiya kubwera.

Zimene zinachitika ku Nigeria mu 2023 ziyenera kuphunzitsa aliyense amene amafulumira kuopseza ndi maloya kapena apolisi. Mayi wina analemba pa Facebook kuti tomato wa m'chitini wa kampani ya Erisco Foods amene anagula anali wotsekemera kwambiri. Kampaniyo inakadandaula kupolisi, mayiyo anamangidwa, ndipo nkhani imene ikanathera pa Facebook pomwepo inafika m'manyuzipepala a maiko akunja, anthu ambiri n'kuyamba kulimbikitsana kuti asiye kugula katundu wa kampaniyo. Kuno kwathu tili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba zawo pa intaneti, ndipo n'zotheka kuti wamalonda wina angakopeke kulithamangira. Ndikumulangiza kuti asatero pa nkhani ya kasitomala amene wangonena zimene wakumana nazo. Ngakhale atapambana kubwalo la milandu, anthu adzamukumbukira ngati munthu amene amamangitsa omugula.

Palinso zolakwika zimene zimabwera chifukwa uthenga watuluka popanda maso achiwiri. Abale athu amene ali ku South Africa akukumbukira za mu Seputembala 2020, pamene masitolo a Clicks anaika pa intaneti zithunzi zotsatsira mafuta a tsitsi a TRESemmé, zimene zinkaonetsa tsitsi la amayi akuda ngati louma ndi lowonongeka, pomwe la azungu linkaonetsedwa ngati labwinobwino. Zithunzizo zitafalikira pa Twitter, chipani cha EFF chinatsogolera zionetsero, masitolo ambiri anatsekedwa, ndipo katundu wa TRESemmé anachotsedwa m'mashelefu. Funso limene ndimadzifunsa ndi lakuti, kodi mwa anthu onse amene anaona zithunzizo zisanatuluke panalibe mayi wachikuda ngakhale mmodzi amene anali ndi ufulu wonena kuti izi n'zonyoza? Kwathu kuno ngozi yofanana nayo ili pa nthabwala za mitundu, za anthu olumala, za anthu achialubino, za amayi ndi za zipembedzo. Nthabwala imene imaseketsa anyamata atatu mu ofesi ku Blantyre ikhoza kupweteka Mtumbuka, Myao kapena Msena amene wakhala kasitomala wanu kwa zaka zambiri. Ndale nazo n'chimodzimodzi, makamaka nthawi ya chisankho, chifukwa ogula anu ali m'zipani zonse. Zikachitika kuti mwalakwitsa, pepesani msanga, tchulani chimene mwalakwitsacho, ndipo pewani kupepesa kwa mtundu wakuti ngati pali amene wakhumudwa atikhululukire, chifukwa kumeneko ndi kukankhira mlandu kwa wokhumudwayo.

Makina oikiratu mauthenga kuti adzatuluke okha pa tsiku lakutilakuti ndi othandiza, koma sadziwa kuti kwagwa zovuta. Pa 9 Novembala 2022, KFC ya ku Germany inatumiza uthenga m'mafoni a makasitomala ake wowalimbikitsa kudya nkhuku ya tchizi pokumbukira Kristallnacht, usiku wa mu 1938 pamene a Nazi anatentha masunagoge ndi kuphwanya masitolo a Ayuda. Kampaniyo inapepesa n'kufotokoza kuti uthengawo unachokera ku makina amene analumikizidwa ndi kalendala ya masiku okumbukiridwa. Ife Amalawi timalemekeza maliro kwambiri, moti ngakhale wailesi ya m'nyumba yoyandikana ndi siwa imatsitsidwa. Pa nthawi ngati ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene mabanja a ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe ankafukula abale awo m'matope, kapena m'masiku olira ngozi ya ndege ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024 imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr. Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, chinthu choyamba chimene woyendetsa tsamba ayenera kuchita ndi kuimitsa mauthenga onse amene anaikiratu. Ndipo ngati kampani ikufuna kupereka chipepeso, ipereke chipepeso chokha, osaphatikizapo mtengo wa katundu kapena chizindikiro chake chachikulu kuposa mawu achisoniwo.

Za chilankhulo ndinene mwachidule. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 80 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi, koma mupeza wogulitsa mbewu ya chimanga kapena mankhwala a mbozi akulemba Chingerezi chokhachokha, pomwe ndemanga zonse za pansi pake zili m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Munthu akafunsa m'Chitumbuka, ayankhidwe m'Chitumbuka. Kumbukiraninso kuti ambiri amagula bando ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, choncho mukawatumiza ku webusaiti yanu kuti akaone zambiri, sikutseguka. Ena amazimitsa zithunzi ndi makanema pofuna kusunga bando, ndiye ngati mtengo, tsiku ndi nambala ya foni mwazilemba m'chithunzi mokha, iwo saona kanthu. Zofunika zonse zilembedwenso m'mawu wamba pamwamba pa chithunzicho.

Kugula anthu otsatira tsamba ndi kutaya ndalama. Facebook imayamba yaonetsa uthenga wanu kwa anthu ochepa, ndipo ikaona kuti sakuchitapo kanthu imaleka kuufalitsa, choncho maakaunti abodza zikwi khumi amangokwirira makasitomala anu enieni mazana atatu. Kuyambira mu Disembala 2017 kampaniyi inalengezanso kuti izichepetsa kufalikira kwa mauthenga ongopempha anthu kuti adine, asheye kapena atchule anzawo popanda chifukwa chenicheni.

Chinthu china chimene amalonda ang'onoang'ono amachita mosazindikira kuopsa kwake ndi kuika poyera zithunzi za mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba pofuna kuonetsa kuti anthu akuwagula, dzina ndi nambala ya kasitomala zili poonekera. Ena amalowetsa anthu m'magulu a WhatsApp osawapempha, ndipo nambala zawo zimaonedwa ndi anthu osawadziwa mazanamazana, kuphatikizapo akathyali amene amatumiza mauthenga aja akuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA ndilo likuyang'anira, koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, ulemu wokha umafuna kuti munthu apemphedwe kaye chithunzi chake, cha mwana wake kapena cha nyumba yake chisanagwiritsidwe ntchito potsatsa malonda. Pofuna kuteteza ogula kwa anthu amene amatsegula masamba abodza m'dzina lanu, khalani ndi nambala imodzi yolipirira yolembetsedwa m'dzina la bizinesi, muikhomere pamwamba pa tsamba, ndipo muzinena mobwerezabwereza kuti simulandira ndalama pa nambala ina iliyonse.

Eni mabizinesi ambiri sadziwanso kuti tsamba limene amalitcha lawo lili m'manja mwa munthu wina. Linatsegulidwa ndi wogwira ntchito pa akaunti yake ndi nambala yake, ndipo tsiku limene adzasiye ntchito mokangana adzapita nalo pamodzi ndi makasitomala onse amene munawasonkhanitsa kwa zaka zisanu. Mwini bizinesi ayenera kukhala mmodzi mwa olamulira tsambalo pa akaunti yakeyake, pakhale munthu wachiwiri wodalirika, ayatse chitetezo chija chofuna nambala yachinsinsi yobwera pafoni polowa, ndipo aliyense wochoka pantchito achotsedwe patsambalo tsiku lomwelo. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pamodzi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi padziko lonse, ndipo amene analibe njira ina yofikira makasitomala awo anangokhala manja lende. Maina ndi manambala a makasitomala amene anavomera kuti muziwatumizira uthenga asungidwenso pena, kaya m'kompyuta ya mu ofesi kapena m'kope la chikuto cholimba lotsekeredwa m'kabati.