Chenjezo kwa inu okonza zipangizo za m'chipatala

Ana inu, tandimverani. Sabata yathayi mpongozi wanga anakachirira pachipatala china chaching'ono, ine ndili womudikirira. Azamba potsegula phukusi la zipangizo, nsalu yake inali yonyowa, ndipo pamfundo ya sizasi panali magazi ouma, akuda bii. Sizasi yodulira mchombo wa khanda! Mwayi wake azambawo anali tcheru, anakankhira phukusilo pambali n'kuitanitsa lina. Nanga ukanakhala usiku, magetsi atazima, akuunikira ndi tochi ya foni?

Unamwino ndinaugwira mpaka imvi izi, ndiye musandinamize kuti ndi kuchepa kwa zipangizo. Burashi, sopo ndi madzi zinasowa? Kodi autoclave, makina ophera tizilombo pazipangizo ndi nthunzi yotentha, mwaiyesa makina ochapira? Nthunzi sichotsa magazi. Akaumira pachitsulo, tizilombo timabisala pansi pake, ndipo mumatulutsa chitsulo chotentha koma chauve. Kachilombo ka Hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku osachepera 7. Ka kafumbata ndiye sikafa chisawawa. Izi munalemba pamayeso, munakhoza, lero mwaiwala?

Ndiye pali inu oika masizasi ndi mafosepu (zitsulo zopanira) mu autoclave ali chitsekere. Nthunzi ilowera pati m'mano mwakemo? Inu opanikiza maphukusi ngati matumba a chimanga m'lole kuti muweruke msanga, nthunziyo izungulira bwanji? Ena mumalowetsa dramu yoikamo zipangizo, zibowo zake zili zotseka, potulutsa n'kuzisiya pululu. Ena zitsulo kuzigoneka mu chlorine usiku wonse mpaka dzimbiri, mawa n'kumadandaula kuti sizasi yabuntha.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nthawi. Zipangizo zokulungidwa zimafuna madigiri 121 kwa mphindi 30, ndipo mphindizo mumayamba kuwerenga kutentha kukafika pa 121, osati pamene mwayatsa makina n'kupita kukamwa tiyi. Magetsi akathima pakati, mumayambiranso, palibe zoti "tingomalizitsa zotsalazo". Zikatha, zisiyeni ziume. Phukusi lonyowa limakoka tizilombo kuchokera m'manja mwanu ndi pathebulo pomwe mwaliika, ndiye ntchito yonse yapita pachabe.

Ndipo musandionetse tepi yosintha mtundu ija ngati umboni. Tepi imangonena kuti kunja kwa phukusi kwafika nthunzi. Ikudziwa chiyani za m'kati? Tsiku lomwe mwaphika simulemba, dzina lanu simulemba. Mukuopa chiyani?

Mayi amachoka pachipatala akumwetulira, patapita masiku bala latukusira mafinya, khanda likutentha thupi, kumudzi ayamba kuloza chala agogo osalakwa kuti ndi afiti. Chonsecho mfitiyo ndi ulesi wa munthu amene anaona magazi pasizasi n'kunena kuti moto umaliza.

Mungalole sizasi imeneyo ikhudze mwana wanu? Ngati ntchitoyi yakutopetsani, isiyireni ena. Chitani manyazi!