Constantine anaupeza moto utayaka kale

Ndimaona kawirikawiri anthu akulemba kuti Chikhristu chinafala chifukwa mfumu ya Aroma Constantine inachikakamiza pa anthu. Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa akuwalanda ulemu anthu amene anasenza mtolowu zinthu zikadali zovuta.

Sindikana kuti chaka cha 313 chinasintha zambiri. Constantine ndi mfumu inzake Licinius anagwirizana ku Milan kuti Akhristu azipembedza momasuka, ndipo katundu wa mipingo amene analandidwa anabwezedwa. Koma pofika nthawi imeneyo mipingo inali itazika mizu ku Egypt, ku Syria, ku Asia Minor mpaka ku Rome komweko. Funso langa n'lakuti, anthuwa ankakopeka ndi chiyani pomwe kubatizidwa kunali kuika moyo pa chiswe?

Tabwererani m'zaka za m'ma 250. Mliri woopsa unagwa mu ufumu wa Aroma. Cyprian, bishopu wa ku Carthage, komwe lero ndi dziko la Tunisia, anafotokoza zimene ankaona: kutsegula m'mimba kosalekeza, kusanza, maso ofiira ngati magazi. Ku Alexandria, bishopu Dionysius analemba kuti anthu ankathawa ngakhale abale awo enieni, kuwakankhira kumsewu asanatsirizike, mitembo n'kumangokhala osaikidwa. Koma Akhristu ambiri ankakhalabe pambali pa odwala. Munthu akamwalira ankamutseka maso ndi pakamwa, kumusambitsa, kumukulunga m'nsalu, n'kukamuika. Ambiri mwa iwo anatenga matendawo n'kutsatira. Amene munagonapo pansi m'chipatala kudikirira matenda mukudziwa kulemera kwake, tsono onjezani kuti wodwalayo si m'bale wanu.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Mu 250 mfumu Decius inali italamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu n'kulandira kalata yotsimikizira, ndipo okana ankamangidwa, ena kuphedwa. Mabala amenewo asanapole, Cyprian anasonkhanitsa mpingo wake n'kuwauza kuti asamalire ngakhale anthu akunja omwe ankawazunza aja. Iye mwini anadulidwa mutu mu 258.

Taganizani za munthu amene banja lake lamuthawa, ali gone pakhonde, kukhosi kuli gwa, ndiye mayi wina woyandikana naye, amene dzulo ankamunyoza, akubwera ndi madzi ndi kachakudya. Akadzuka pamphasa paja, mukuganiza kuti adzafunsa za Mulungu wa ndani? Kwa ine, apa ndi pamene mpingo unkakulira, nyumba ndi nyumba.

Ndipo sizinali za nthawi ya mliri yokha. Cha m'ma 197 Tertullian, mlembi wachikhristu wa ku Carthage, analemba kuti Akhristu ankaponya kangachepe m'bokosi kamodzi pamwezi, aliyense mwa kufuna kwake, ndipo ndalamazo zinkadyetsa osauka, kuwaika m'manda akamwalira, kulera ana amasiye ndi kuthandiza okhala m'ndende chifukwa cha chikhulupiriro. Cha m'ma 251 mpingo wa ku Rome, pansi pa bishopu Cornelius, unkasamala amayi amasiye ndi ovutika oposa 1,500. Apo boma linali lisanawapatse ngakhale khobiri.

Umboni umene ndimaukhulupirira koposa ukuchokera kwa mdani wawo. Julian, amene analamula ufumu wa Aroma kuyambira 361 mpaka 363, anakulira mu mpingo koma anautaya, nafuna kudzutsanso milungu yakale. Polembera mkulu wa ansembe a milunguyo ku Galatia, anadandaula kuti "Agalileya", monga ankatchulira Akhristu, akudyetsa osauka awo pamodzi ndi osauka a chipembedzo chake chomwe. Anatchulanso kukoma mtima kwawo kwa alendo ndi mmene ankasamalira manda a akufa. Ndiye analamula kuti m'mizinda mumangidwe nyumba zolandirira alendo, napereka tirigu ndi vinyo kuti ansembe ake azigawira osowa, monga ankachitira anthu amene iye ankafuna kuwagonjetsa.