Chitupa si pepala lokulungira zitumbuwa

Abale athu a ku Chitakale, Limbuli, Luchenza ndi Bvumbwe, tcherani khutu, chifukwa zimene zikuchitika m'mafoni mwanumu ndi zochititsa manyazi. Munthu wamkulu ndi imvi zake, amene usiku amatseka chitseko ndi mpiringidzo n'kulowetsa njinga kuchipinda, masana akujambula chitupa chake cha unzika mbali zonse ziwiri n'kuponya pa gulu la WhatsApp lodzaza alendo. Chifukwa chake? Wina walemba kuti ku esiteti ya tiyi akulemba ntchito, tumizani ID. Wolembayo simukumudziwa nkhope, ofesi yake simunapondemo. Nzeru zapita kuti?

Tachiyang'anani chitupacho. Pali dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, nkhope, nambala, ndipo kumbuyo kuli kabokosi ka timadontho kaja, QR code, kamene foni yamakono imawerenga mosavuta. Kuyambira 2018, SIM khadi iliyonse m'Malawi muno imalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Ndiye wakuba akagwira chithunzi cha chitupa pamodzi ndi nambala yanu ya foni, wapeza poyambira. Angayese kulembetsa SIM m'dzina lanu n'kumabera nayo anthu, apolisi n'kudzagogoda pakhomo panu. Angayesenso kunama kuti SIM yanu yatayika kuti apatsidwe ina ya nambala yomweyo. Zikatheka, foni yanu imangoti zii, netiweki yasowa pamene oyandikana nanu akuimba bwinobwino, ndipo mauthenga a kubanki, a Airtel Money kapena a Mpamba akufikira kwa iye. Mukaona chizindikiro chimenechi musamati mwina ndi mitambo ya m'phiri. Nyamukani tsiku lomwelo ndi chitupa chenicheni, mupite ku shopu ya kampani yanu ya foni, ndipo banki muidziwitse.

Kofotokopa ndiye kuli chisawawa. Kope ikatuluka yakuda kapena yopendekera, mumaisiya patebulo n'kulipira ina. Yotsalayo imagwera m'katoni, katoniyo imapita kwa amayi a geni, mawa mwana akudya chitumbuwa chokulungidwa m'nkhope ya a mfumu, nambala ya chitupa ili poyera ndi mafuta. Makope owonongeka ndi anu, atengeni mukawotche. Ngati achita sikani, imani pomwepo mpaka afufute pa kompyuta, ndi mu Recycle Bin momwe, mmene mumagwera zofufutidwa. Kope imene mukukapereka ilembeni ndi bolopeni chopingasa: mukuipereka kwa ndani, ya ntchito yanji, pa tsiku liti. Yolembedwa chonchi ndi yovuta kukaigwiritsa ntchito kwina.

Tsono za manambala achinsinsi. PIN ya manambala 4 imene ili chaka chanu chobadwa si chinsinsi, poti chakacho chalembedwa pa chitupa chomwe mwamwaza chija. Uthenga wa manambala 6 wochokera ku WhatsApp ndi kiyi wa akaunti yanu. Wina akati "ndatumiza kwa inu molakwitsa, ndiwerengereni", akufuna alowe m'dzina lanu ayambe kupempha ndalama kwa achibale a ku Joni. Wa kampani ya foni kapena wa banki weniweni safunsa PIN. Mu WhatsApp tsegulani Settings, Account, Two-step verification, muike PIN ina ya manambala 6. Foni ikamapita kokonzetsa, chotsani SIM ndi memori khadi, ndipo ikabwera onani mu WhatsApp pa Linked devices ngati palibe kompyuta yachilendo imene ikuwerenga nawo macheza anu.

Koma mawu athu olemera akupita kwa inu amene mumasonkhanitsa zinthu za anzanu: eni malo ogona alendo ku Likhubula, masukulu a pulaiveti, mipingo, makalabu a alimi, ndi achinyamata amene mumawapangira mawebusaiti. Ena mumaganiza kuti munthu akadzaza fomu yanu, zimene walembazo zasanduka katundu wanu. Ayi ndithu, mwangosungitsidwa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zokhudza munthu, la Data Protection Act la 2024, ndipo woliyang'anira ndi MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi. Lisanabwere limeneli panali kale Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, imene imaletsa kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo ndi kuzunza anthu pa intaneti.

Lamuloli likufuna zinthu zomveka. Pa webusaiti kapena pa fomu, uzani munthu kuti ndinu ndani, mukutenga chiyani, mukufuna muchite nacho chiyani, ndipo mugawana ndi ndani. Lembani m'chilankhulo chimene iye akumva, osati kukopera chikalata cha kampani ya ku America chotchula malamulo a ku California, inu muli pa Chitakale. Tengani zokhazo zimene ntchito ikufuna. Mlendo wofuna chipinda cha masiku awiri asanakwere Sapitwa mukumufunsiranji chipembedzo ndi dzina la mkazi wake? Nambala imene munapatsidwa kuti mudziwitse kholo za fizi si yoti mupatse mlamu wanu wotsatsa malonda. Mwini wake ali ndi ufulu wofunsa zimene mukusunga, kukonzetsa zolakwika, ndi kupempha kuti zifufutidwe pamene ntchito yatha. Za ana zimafuna chilolezo cha kholo kapena womulera. Ndipo zinthu zikabedwa kapena kutayikira kunja, simukhala chete ngati mwaswa mbale ya apongozi: lamulo likuti MACRA idziwitsidwe pasanathe maola 72.

Nanga zimatayika bwanji? Kawirikawiri si akatswiri a makompyuta ayi. Fomu ya Google imathira mayankho onse mu tebulo limodzi, mlembi n'kuika tebulolo pa "Anyone with the link", kutanthauza kuti aliyense amene ali ndi linki angalitsegule, linkiyo n'kuiponya pa gulu. Basi, mayina, manambala ndi midzi ya anthu onse ili pa msika. Pasiwedi ndi imodzi ya ofesi yonse, yolembedwa pa kapepala komata pa kompyuta. Mnyamata amene anapanga webusaiti anachoka kalekale, koma kiyi akadali naye. Aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, wochoka ntchito atsekeredwe tsiku lomwelo, ndipo fomu iliyonse ikhale pa adiresi yoyamba ndi https. Koma inu odzaza mafomu, musapusitsidwe ndi https: imangotanthauza kuti wapanjira sangawerenge zimene mukutumiza, sinena kuti wolandirayo ndi wachilungamo. Akuba nawonso ali nayo.

Chimene chimatiwawa koposa ndi chifundo chopanda nzeru. Mlembi wa mpingo akulemba pa gulu mayina a odwala ndi matenda awo kuti tiwapempherere. Wa banki mkhonde akujambula tsamba la kaundula, aliyense aone amene ali ndi ngongole ndi amene alandire zambiri pogawana mu Disembala, ngati akuba alibe mafoni. Za umoyo wa munthu lamulo limaziika m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo ngakhale kale agogo athu matenda a munthu ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Funsani kaye mwini wake. Akakana, lembani kuti tipempherere m'bale wathu wina amene sakupeza bwino, dzina ndi matenda zikhale kwa abusa.