Zining'a za Chingerezi: osamangoloweza mndandanda

Ine ndikuona kuti kaphunzitsidwe kathu ka zining'a za Chingerezi kali ndi vuto. Mwana amapatsidwa mndandanda wa zining'a makumi asanu, aloweze, mawa alembe. Mayeso akatha amatsala ndi "raining cats and dogs", chomwe eni chilankhulocho masiku ano sachitchula kawirikawiri. Mvula ikamagwa yamphamvu amangoti "it's pouring". Zining'a zimene zimasokoneza munthu kuntchito kapena pafoni ndi zina: zili ndi mawu osavuta, ndipo chifukwa mawu onse ukuwadziwa, sukayika n'komwe kuti wamva molakwa.

Tiyambe ndi zathu, chifukwa nzeru yake tili nayo kale. Munthu akati akukataya madzi, palibe amamufunsa kuti ndowa ili kuti. Akati wina wamutsina khutu, sitiyang'ana ngati khutulo latupa. Timadziwa kuti chining'a chimamveka chonse pamodzi, sichiphwanyidwa liwu ndi liwu. Chingerezi nachonso n'chimodzimodzi. "Pull your socks up" sakunena za sokosi, akuti limbikira. "Sleep on it" akuti usayankhe lero, ukaganize bwino ubwere mawa. "Under the weather" ndi kusapeza bwino pang'ono m'thupi, chimfine kapena kutopa, osati matenda ogoneka munthu m'chipatala. "Cold feet" ndi mantha amene amagwira munthu nthawi yochita chimene anavomera kale itayandikira, monga ukwati kapena kusaina pangano.

Pomwe pali mbuna yeniyeni ndi pamene chining'a chathu chikufanana mawu ndi chawo koma tanthauzo n'kusiyana. Ife tikati mtima wakhala pansi, ndiye kuti nkhawa yatha. Mngelezi akati "my heart sank", mtima watsika ndithu, koma akutanthauza kuti wakhumudwa, chiyembekezo chamuthera. Mukatenga chathucho n'kuchiveka mawu a Chingerezi, mudzauza munthu amene wakupatsani uthenga wabwino kuti wakukhumudwitsani. Kupsa mtima nako: mukati "my heart is burning", womva aganiza za chilungulira, chifukwa kwa iwo "heartburn" ndi kutentha kwa pachifuwa munthu akadya. Mkwiyo iwo amauika m'magazi kapena m'maso: "it makes my blood boil", "I saw red".

Chachiwiri chimene mndandanda suphunzitsa ndi kaumbidwe. Chining'a chili ngati njerwa yootcha kale. Mneni mungamusinthe nthawi, liwu laumwini mungalisinthe, koma dzina, kaliwu ka "the" kapena "a", ndi kuchuluka kwa zinthu musakhudze. "He is pulling my leg" ndi kukunamiza mongoseka, ndipo mungati "she pulled his leg". Mukangoti "legs", chining'a chatha, munthu akukokani miyendo zenizeni. "Spill the beans" ndi kuulula chinsinsi, "spill some beans" ndi kutaya nyemba pansi. "Make ends meet" ndi kukwanitsa zofunika pakhomo ndi ndalama zochepa, ndipo simuikamo "the". Zolakwa zambiri m'makalata ndi m'zimangirizo zimachokera apa. Wolembayo tanthauzo akulidziwa, koma wasuntha kaliwu kamodzi.

Ndiye pali funso loti mukulankhula ndi yani. "Kick the bucket" tanthauzo lake ndi kumwalira, ndipo mindandanda yambiri imathera pomwepo. Koma ndi mawu achibwana, oseketsa. Kuwalemba mu uthenga wopepesa maliro n'kutukwana anamfedwa. Ife timati watisiya kapena watsamira mkono, mwaulemu. Ofanana nawo m'Chingerezi ndi "passed away". Dikishonale yabwino ya ophunzira, monga ya Oxford kapena Cambridge, imaika chizindikiro pambali pa chining'a: informal (chapamacheza), humorous (choseketsa), old-fashioned (chachikale), offensive (chonyoza). Chizindikirocho n'chofunika ngati tanthauzo lenilenilo. M'kalata yofunsira ntchito musaikemo chining'a cha informal ngakhale chimodzi.

Ambiri a ife tili ndi chuma china chimene sitichigwiritsa ntchito: timalidziwa Baibulo. Zining'a zambiri za Chingerezi zinachokera m'Baibulo, makamaka kudzera m'la King James la 1611, ndipo nkhani zake tinazimva tili ana. "The writing is on the wall" ndi zala zija zinalemba pakhoma paphwando la Belisazara pa Danieli 5, kutanthauza kuti zizindikiro zakugwa zaoneka kale. "Go the extra mile" ndi Mateyu 5:41, kuchita zoposa zimene wauzidwa. "Wash your hands of" ndi Pilato pa Mateyu 27:24. "By the skin of my teeth", kupulumukira mkamwa mwa mbuzi, ikuchokera pa Yobu 19:20. "A fly in the ointment" ndi ntchentche ya pa Mlaliki 10:1, kanthu kakang'ono kowononga chinthu chabwino. Mphunzitsi akayambira pa nkhanizi, mwana sakhalanso woloweza, amakumbukira chithunzi chimene anali nacho kale.

Zina zinachokera kumasewera. "Throw in the towel" ndi za nkhonya: wothandizira woponya nkhonya amaponya thaulo m'bwalo kusonyeza kuti munthu wake wagonja. "Move the goalposts" aliyense wokonda mpira aimva msanga, kusintha malamulo masewera ali mkati. Zovutirapo ndi za baseball ya ku America zimene zadzaza m'maofesi: "ballpark figure" ndi nambala yongoyerekeza, "touch base" ndi kulankhulana mwachidule kuti mudziwe pamene zinthu zafika.

Komanso Chingerezi si chimodzi. Ku Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, ndi kwathu komwe, "to table a bill" ndi kuika bilu patsogolo pa aphungu kuti ikambidwe. Ku America mawu omwewo amatanthauza kuiika pambali, isakambidwe pakali pano. Abale athu a ku Johannesburg amadziwa kuti bwana akati "just now" sakunena za tsopano lino, akhoza kubwera patapita maola, ndipo "now now" ndiye yafupikirako. Ku London munthu akati "I'll bear it in mind", kawirikawiri akukana mwaulemu, ndipo "not bad" ikhoza kukhala chiyamikiro ndithu. Izi simungazipeze pomasulira mawu, muyenera kuona zimene zimachitika munthuyo akatha kulankhula.

Njira imene ndikuiona kuti imagwira ntchito ndi yochepa koma yosadumphadumpha. Zining'a zitatu pa sabata zakwana, ndipo zikhale zimene mwakumana nazo nokha m'nyuzipepala, pawailesi kapena kuntchito. M'kope lembani chiganizo chonse mmene munachipezera, osati chining'a chokha. Pansi pake lembani amene ananena ndi amene ankauzidwa, kenako tanthauzo m'Chichewa. Ngati pali chining'a chathu chogwirizana nacho, monga "play with fire" ndi kuputa mavu nkhomola, chilembeni, koma muonetsetse ngati mphamvu zake zikufanana. Pofufuza mu dikishonale musayambire pa "the" kapena "in". Yang'anani pa dzina kapena mneni: "out of the blue", chinthu chobwera mwadzidzidzi, muchipeza pansi pa "blue".

Pa kagwiritsidwe ntchito ndiye ndimatsutsana ndi aphunzitsi ena. Amauza ana kuti chimangirizo chokoma n'chodzaza zining'a, ndiye mwana amathira zisanu m'ndime imodzi, zina zosagwirizana ndi nkhani. Kumva zining'a kukhale kochuluka, chifukwa anthu azikulankhulani nazo mufune musafune. Kuzilankhula kukhale kochepa. M'chimangirizo cha tsamba limodzi ndi theka, ziwiri zoikidwa pamalo pake zakwana. Ngati simunachimvepo chikutuluka pakamwa pa munthu kapena kuchiwerenga m'chiganizo chenicheni kangapo, chisiyeni kaye m'kope, mulembe "very expensive" m'malo mwa "cost an arm and a leg".