Mpando wa airbag musamausoke ngati thumba la chimanga

Ndakwiya, ndipo sindikhala chete. Loweruka ndinasiya Prado yanga kwa osoka mipando ena mu Lilongwe muno kuti andiikire makava a nsalu yokhuthala ija yonga ya tenti. Ntchito yanga ndi ya m'midzi. Dzinja matope a ku Ntchisi ndi ku Dowa amalowa m'galimoto ndi nsapato, chilimwe fumbi lokhalokha, ndiye ndinkafuna kuteteza mipando. Madzulo ndapita kukatenga, makava okongola ndithu, othina bwino. Kuyang'ana m'mbali mwa mpando wa dalaivala, kansalu kolembedwa SRS AIRBAG kaja, kosonyeza kuti mumpandomo muli airbag, thumba la mpweya loteteza munthu pangozi, sikakuoneka. Akakwirira. Ndipo pomwepo adutsitsapo mizere iwiri ya ulusi wa nayiloni.

Nditafunsa, mkulu wake akuyankha uku akumwetulira: "Bwana, apa ndiye talimbitsa, sipadzang'ambika."

Sipadzang'ambika? Abale inu, pamenepo ndi pamene payenera kung'ambika!

M'mbali mwa mpando umenewo, kumbali ya chitseko, muli airbag. Galimoto ikagundidwa cham'mbali kapena ikamenyetsa mbali pamtengo, airbag imeneyo imaphulika mwachangu kuposa kuphethira kwa diso, n'kutulukira pamsoko umene anthu a kufakitale anaupanga dala kuti uzitha kutseguka. Imalowa pakati pa chitseko ndi nthiti zanu. Mpatawo ndi wochepa, nthawinso ndi yochepa. Ndiye wina abwere ndi nsalu ya tenti n'kutsekapo, ati walimbitsa. Mwalimbitsa chiyani? Mwamanga chinthu chimene chimayenera kupulumutsa moyo wanga. Ngakhale buku la Toyota lija limakhala mukabokosi kakutsogolo limaletsa kuphimba malo otulukira airbag ya pampando. Makava oyenera alipo, amasiya mpata m'mbalimo kapena amasokedwa ndi msoko wotseguka airbag ikaphulika. Amenewa ayi, angofunditsa mpando wonse ngati akusoka thumba la chimanga.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwina palibe anawaphunzitsa, mwina anazolowera mipando ya maminibasi, izo ndi zawo. Ine ndikuti munthu amene walandira ndalama zanga kuti agwire mpando wa galimoto yanga ayenera kudziwa chimene chili m'kati mwa mpandowo. Kansaluko kali poonekera, kolembedwa zilembo zazikulu. Ukapanda kukamvetsa, funsa. Mwini galimoto ali ndi foni. Osangosoka.

Ndipo tikunena galimoto yoyenda m'misewu yoterera, yotsika mapiri mvula ikugwa, kumalo koti chipatala chili kutali. Tsiku limene airbag idzafunike silidzachenjeza. Telala adzakhala ali pashopu pake akusoka mipando ya wina, nthiti zothyoka zidzakhala zanga. Inu nonse a ma Prado, ma Hilux ndi ma Ranger amene munaikitsa makava, tulukani panja pompano mukayang'ane m'mbali mwa mipando yakutsogolo. Ngati mpando wanu uli ndi airbag ndipo kavayo yatseka ponseponse, ichotseni lero.

Ine ndinawauza achotse pomwepo ndikuona. Pochotsa ndi pamene ndinaonanso za mpando wakumbuyo. Zomangira malamba zonse zitatu anazikankhira pansi pa kava, osaboola n'kabowo kamodzi komwe, ati zimaipitsa maonekedwe. Ana anga amakhala pampando umenewo tsiku lililonse popita kusukulu. Ankafuna azimanga lamba pati?